Full-time, part-time kapena kuphunzira muli kwanu: njira zinayi zopezera digiri ya ku Britain

Munthu akamaganiza zochita maphunziro a ku Britain amayamba kufunsa za fizi, kenako za viza. Zoti adzalembetse ngati wa full-time kapena wa part-time amakumana nazo mochedwa, pa fomu, ndipo amangochonga kabokosi n'kupitirira. Komatu kabokosi kameneko ndi komwe kamanena ngati mudzaloledwe kugwira ntchito, ngati khonsolo idzakutumizireni bilu ya msonkho wa nyumba, ngati mudzapitirize kugona m'chipinda chomwe munalipira kale, komanso masiku omwe mudzatsale nawo m'dzikolo zinthu zikavuta.

Palibe lamulo limodzi lonena kuti wophunzira wa full-time ndi ndani. Zili ngati pogulitsa chimanga kumudzi, pomwe venda aliyense amabwera ndi ndowa yake, ndipo thumba lomwe ladzaza ndowa za uyu limaperewera kwa uyo. Kutopa kwanu ndi mabuku sikuwerengedwa. Mukhoza kumawerenga usiku wonse, koma ngati kalata ya yunivesite ikunena kuti ndinu wa part-time, ofesi iliyonse idzatsatira kalatayo. Ziwerengero za ndalama zomwe zili m'munsimu ndi za mu 2025 ndipo zikukhudza kwambiri England. Boma limazikweza pafupipafupi, choncho onaninso pa GOV.UK musanalipire kalikonse.

Ndani amayeza, ndipo ndi muyeso wanji

Yunivesite imawerenga ma credit. Chaka chimodzi cha digiri yoyamba ya full-time chimakhala ndi ma credit 120, ndipo credit imodzi imaimira maola 10 a kuphunzira, kuphatikizapo kuwerenga panokha. Masters ya chaka chimodzi ndi ma credit 180. Mukatsika kwambiri pa chiwerengerochi, kaundula wa sukulu amakusinthani kukhala wa part-time, ndipo maofesi ena onse amatengera pamenepo.

Home Office, yomwe imayang'anira za olowa ndi otuluka, ili ndi miyeso iwiri. Pa maphunziro a digiri kupita m'mwamba imakhulupirira yunivesite ikanena kuti kosi ndi ya full-time. Pa maphunziro osafika pa digiri imafuna maola osachepera 15 pa sabata a makalasi okonzedwa masana, mkati mwa sabata. Makalasi a madzulo ndi a Loweruka salowa m'chiwerengerocho.

Khonsolo, pa nkhani ya Council Tax, msonkho wa nyumba uja, imatsatira malamulo omwe anayamba mu 1992: kosi ikhale ya chaka chimodzi kapena kuposa, masabata osachepera 24 pa chaka, maola osachepera 21 pa sabata. Kwa ana osafika zaka 20 omwe akuchita maphunziro mpaka A level muyeso ndi wina, miyezi 3 ndi maola oposa 12 pa sabata. Ku Northern Ireland kulibe Council Tax, kuli msonkho wa mtundu wina.

Kenako pali makontrakiti, ndipo aliyense amalemba zake. Khadi la 16-25 Railcard, lomwe limachotsa gawo limodzi mwa magawo atatu a mtengo wa sitima, limaperekedwanso kwa opitirira zaka 25 ngati akuphunzira maola 15 pa sabata kwa masabata 20 pa chaka, koma a Open University (yunivesite yophunzitsa anthu ali kwawo), ophunzira pa intaneti ndi a part-time limawakana poyera. Nyumba zogona ophunzira zimalemba m'kontrakiti kuti wogonamo akhale wolembetsedwa pa sukulu ngati wa full-time nthawi yonse ya mgwirizano.

Ofesi imodzi yokha ilibe nazo ntchito zimenezi, ndiyo HMRC, yotolera misonkho ya boma. Mphekesera yoti ana asukulu sadulidwa msonkho ndi yabodza. Wophunzira amadulidwa ngati wantchito wina aliyense akapitirira £12,570 pa chaka. Ambiri sadulidwa chifukwa sapeza ndalama zofika pamenepo basi.

Njira iliyonse mwa zinayi zomwe zili m'munsimu ndaiyeza pa zinthu zinayi: mtengo wake wonse osati fizi yokha, amene angaipeze, zomwe muyenera kuchita mwezi ndi mwezi kuti dzina lanu lisasinthe m'kaundula, ndi zomwe mumataya tsiku lomwe lasintha. Chachinayicho ndi chomwe ma ejenti otumiza ana kunja satchula, ndipo kwa ine ndicho chachikulu.

Njira yoyamba: full-time ku Britain pa viza ya Student

*Mtengo.* Fizi ya wochokera kunja imayambira pafupifupi £10,000 pa chaka n'kumakwera mpaka kupitirira £30,000, malinga ndi sukulu ndi kosi. Viza inali £524 kuyambira April 2025. Ndalama ya chipatala, yomwe amati IHS, ndi £776 pa chaka, ndipo apa pali kamsampha. Viza ya masters ya miyezi 12 imakhala ndi miyezi 4 yowonjezera kumapeto, choncho mumalipira za chaka ndi theka, £1,164. Muyeneranso kuonetsa ndalama zodyera za miyezi 9: kumayambiriro kwa 2025 zinali £1,136 pa mwezi kunja kwa London ndi £1,483 mu London, kutanthauza £10,224 kapena £13,347, kuwonjezera pa fizi yotsala ya chaka choyamba. Ndalamazo zikhale m'banki masiku 28 otsatizana osatsika ngakhale tsiku limodzi. Ochokera ku Malawi, Zambia, Mozambique, Zimbabwe ndi South Africa amafunikanso satifiketi yoyezetsa TB.

Chomwe mumapulumutsa n'chosachepa. Nyumba yomwe onse okhalamo ndi ophunzira a full-time silipira Council Tax, ndipo ku England nyumba ya Band D, gulu lapakati pa magulu a msonkhowu, inkalipira pafupifupi £2,280 m'chaka cha 2025/26.

*Kupezeka.* Mufunika CAS, umboni woti mwalandiridwa pa kosi, yochokera ku sukulu yomwe ili ndi chilolezo cha Home Office. Kuyambira January 2024, wobwera kudzachita masters yamakalasi sabweretsa mkazi, mwamuna kapena ana. Mwayiwo unatsalira ochita PhD ndi maphunziro ena a kafukufuku, komanso otumizidwa ndi boma. Masikolashipu odziwika kwathu amadutsa njira yomweyi. Chevening imalipirira masters ya full-time ya chaka chimodzi ndipo imakumangani kuti mubwerere kwanu kwa zaka ziwiri. Beit Trust imathandiza a ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe pa maphunziro a pamwamba pa digiri yoyamba.

*Kuisunga.* Apa ndi pomwe pali ntchito. Yunivesite imalondola ngati mukufika m'kalasi, ngati mukupereka ma assignment ndi ngati mukukumana ndi supervisor wanu, chifukwa nayonso ikhoza kulandidwa chilolezo ikalekerera.

Pa ganyu, wa digiri amaloledwa maola 20 pa sabata nthawi ya temu, wa maphunziro osafika pa digiri maola 10. Sabata ya Home Office imayamba Lolemba n'kutha Lamulungu, ndipo saphatikiza masabata kuti apeze avereji. Mukagwira maola 12 sabata ino ndi 28 sabata yamawa, mwalakwa kale, ngakhale zonse pamodzi zili 40. Taganizirani za munthu wa shifiti ya usiku kunyumba yosamalira okalamba. Walowa 8 koloko madzulo Lamulungu, watuluka 8 koloko m'mawa Lolemba. Maola 4 oyambirira agwera sabata yatha, 8 otsalawo agwera sabata yatsopano, ndiye kuti watsala ndi 12 okha mpaka Lamulungu linalo. Manejala akamuimbira Lachinayi kuti wina wadwala, abwere adzatseke mpata, yankho liyenera kuchokera m'kabuku komwe amalemba maola ake, osati mu mtima wake wachifundo. Ngati muli ndi mabwana awiri, maola a onse amaphatikizidwa.

Bizinesi yanuyanu siloledwa konse. Izi zikukhudza kuluka tsitsi kunyumba molipitsa, kuphika nsima ndi chambo n'kumagulitsa kwa anzanu Loweruka, ndi maganyu onyamula zakudya pa njinga omwe kampani imakutengani ngati wodzilemba nokha ntchito.

Pa holide mukhoza kugwira maola onse, koma holide ndi yomwe yunivesite yalemba pa kalendala ya kosi yanu. A masters ambiri amagwa apa. Makalasi amatha cha mu May, kampasi imakhala zii, anzanu a digiri yoyamba ali pa ntchito tsiku lonse, koma inu muli pa dissertation, ndipo m'mayunivesite ambiri miyezi imeneyo imawerengedwa ngati temu. Malire a maola 20 amakhalapobe mpaka tsiku lomaliza la kosi.

Tiwerengeko pang'ono. Malipiro otsikitsitsa a wazaka 21 kupita m'mwamba anali £12.21 pa ola kuyambira April 2025. Maola 20 ndi £244.20 pa sabata, pafupifupi £1,058 pa mwezi. Ndalamayi sikufika n'komwe pa £1,136 yomwe boma lenilenilo limati munthu amafunika kuti adye ndi kugona kunja kwa London. Amene akukuuzani kuti fizi mudzaipezera konko ndi maganyu akukunamizani.

*Ngozi.* Mukasiya sukulu, mukachotsedwa, mukapempha kupuma kwa masiku oposa 60, kapena mukatsikira ku part-time, yunivesite imauza Home Office pasanathe masiku 10 ogwira ntchito, ndipo viza imadulidwa, kawirikawiri kutsala masiku 60. Zinthu zina zonse zimagwa motsatana. Chilolezo cha ntchito chinali chomangirira pa maphunzirowo. Khonsolo imayamba kuwerenga msonkho kuyambira tsiku lomwe mwasiya. Mwini nyumba yogona ophunzira akhoza kukutulutsani, komabe makontrakiti ambiri amati lendi ya masabata otsala ndi yanu mpaka atapezeka wina wolowa m'chipindamo. Fizi nayo siibwerera yonse, chifukwa mayunivesite ambiri amadula malinga ndi temu yomwe mwafika.

Kulephera kulipira fizi ndi njira yachidule yofikira pamenepa. Mu 2024 ophunzira angapo a ku Nigeria pa Teesside University anauzidwa kuti achoke m'dziko atalephera kumaliza fizi chifukwa ndalama ya kwawo, naira, inagwa. Ife a kwacha nkhaniyi isatidutse, poti yathu inatsitsidwa ndi 44% tsiku limodzi mu November 2023. Ngati gawo lachiwiri la fizi likudalira nyumba yomwe isanagulitsidwe ku Area 25 kapena lonjezo la amalume, ndiye kuti viza yanu nayonso ikudalira zomwezo.

Msonkho wa khonsolo umabweranso ngakhale zonse zitayenda bwino. Umayamba tsiku lotsatira tsiku lomaliza la kosi, osati tsiku la graduation, ndipo miyezi 4 yowonjezera ya viza ija simawerengedwa kuti ndinu wophunzira. Ngati mukukhala ndi anzanu atatu omwe akadali pa sukulu, nyumba imalandira bilu yochotseredwa 25%, ndipo yotsalayo imagwera inu nokha.

Chabwino chomwe njira yachitatu ndi yachinayi zilibe ndi viza ya Graduate, yokulolani kukhala ndi kugwira ntchito m'dzikomo mukamaliza, zaka 2, kapena 3 kwa a PhD. Boma linalengeza mu 2025 kuti zaka ziwirizo zitsika kufika miyezi 18 kuyambira January 2027.

Njira yachiwiri: part-time pa viza ya Student

Njirayi ilipo ndithu, kuyambira 2018, koma ndi ya anthu ochepa kwambiri.

*Mtengo.* Fizi imagawidwa pa zaka ziwiri kapena kuposa, zomwe zimaoneka zopepuka, koma IHS mumalipira ya zaka zonsezo, lendi ya zaka zonsezo, ndipo Council Tax simuithawa ngati kosi yanu sikufika maola 21.

*Kupezeka.* Ndi ya masters kupita m'mwamba basi, ndipo mayunivesite ambiri sapereka CAS ya part-time ngakhale lamulo likuwalola.

*Kuisunga.* Kulondoledwa n'chimodzimodzi ndi wa full-time.

*Ngozi.* Simuloledwa kugwira ntchito iliyonse, ngakhale ola limodzi, ndipo banja simubweretsa. Anthu amaganiza kuti part-time ndiye mpata wogwira ntchito masana n'kuphunzira madzulo. Pa viza iyi n'zosiyana kotheratu. Ndipo musaganize kuti mukavutika pa full-time mudzangosinthira kuno mkati mwa chaka. Ndi viza ina, yofuna CAS ina.

Njira yachitatu: kuphunzira muli kale ku Britain pa chilolezo china

Abale athu ambiri a ku Leeds, Leicester, Manchester ndi Glasgow ali m'gulu ili: anapita pa viza ya ntchito, makamaka ya Health and Care Worker, kapena anatsatira amuna kapena akazi awo, kapena anakhazikika kale. Kwa iwo kusankha pakati pa full-time ndi part-time ndi kusankha kwenikweni, chifukwa kukhala kwawo m'dzikomo sikunamangiriridwe pa sukulu.

*Mtengo.* Chokhumudwitsa choyamba n'chakuti kulipira msonkho ku Britain sikukupatsani fizi ya nzika. Ku England, fizi ya a m'dziko, yomwe inali £9,535 pa digiri yoyamba mu 2025/26, kwa ambiri imafuna zinthu ziwiri: chilolezo chokhazikika, chomwe amati ILR, ndi zaka 3 zokhala m'dzikomo kosi isanayambe. Wa viza ya ntchito amalipira ngati wochokera kunja ndipo ngongole ya boma ya ophunzira sapatsidwa. Ngati ILR yanu yatsala pang'ono, kudikira chaka chimodzi kungakupulumutseni mapaundi masauzande ambiri.

Kwa okhazikika, full-time ndi part-time zimakokera mbali zosiyana. Wa full-time salipira Council Tax, kapena amachititsa kuti nyumba ichotseredwe 25% ngati wamkulu wina m'nyumbamo ndi mmodzi yekha. Koma wa full-time nthawi zambiri salandira Universal Credit, thandizo la ndalama la boma kwa opeza zochepa, kupatula magulu ena monga olera ana. Wa part-time amalipira khonsolo, koma akhoza kupitiriza kulandira thandizo, ndipo ngongole ya fizi amaipeza ngati akuchita gawo losachepera 25% la zomwe wa full-time amachita pa chaka. Khalani pansi ndi pepala muwerenge mbali zonse ziwiri, chifukwa yankho limasiyana nyumba ndi nyumba.

*Kupezeka.* Viza ya ntchito imalola kuphunzira. Ya wotsatira mnzake imalolanso, ndipo ilibe malire a maola 20 aja. Wotsatira mnzake ndiye ali pabwino kuposa onse pa nkhani ya malamulo: akhoza kuchita kosi ya full-time, osawerengedwa pa Council Tax, uku akugwira ntchito maola omwe thupi lingalole, popeza khonsolo imayang'ana kosi osati mtundu wa viza. Khomo lolowera njirayi kuchokera kwathu linachepa. Osamalira okalamba analetsedwa kubweretsa mabanja mu March 2024, ndipo mu July 2025 boma linatseka kulemba osamalira okalamba atsopano kuchokera kunja.

*Kuisunga.* Mwini viza ya ntchito ayenera kupitiriza ntchito yomwe anabwerera, pa maola ndi malipiro omwe analembedwa. Mukachepetsa mashifiti kuti mupeze nthawi ya kalasi, malipiro akhoza kutsika pansi pa mlingo wa viza, ndipo bwana ayenera kuuza Home Office. Nkhani yomwe imabwera kawirikawiri ndi ya wosamalira okalamba wofuna kukhala namwino. Kosi ya unamwino ku Britain imafuna maola 4,600, theka lake m'zipatala, ndipo mashifiti a m'chipatalawo simusankha nokha. Kuphatikiza zimenezo ndi maola pafupifupi 40 a ntchito ya viza ndi zija amati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Part-time, kapena maphunziro okonzedwa mogwirizana ndi bwana, ndi zomwe zimatheka.

Bwana akalipira fizi, werengani ndime yonena za kubweza. Makontrakiti ambiri amati mukachoka pasanathe chaka chimodzi kapena ziwiri mubweze ndalamazo, ndipo ena amadula pa malipiro omaliza.

*Ngozi.* Sukulu ikavuta, viza yanu siikhudzidwa. Uwu ndi ubwino waukulu, ndipo anthu sauona. Mukhoza kupuma chaka, kubwereza module, kutsikira ku part-time mwana akabadwa, popanda kalata yochokera ku Home Office. Ngozi ili mbali inayo. Kampani ikalandidwa chilolezo cholemba anthu akunja, monga zachitikira makampani ambiri osamalira okalamba, viza yanu ndi ya banja lonse imadulidwa, ndipo kosi imatsala m'malere. Ena amaganiza zosinthira ku viza ya Student kuti apulumuke. Dziwani kuti miyezi ya pa viza ya sukulu siwerengedwa pa zaka zofunika kuti mupeze ILR kudzera ku ntchito, ndipo malire a maola 20 amayamba kukugwirani tsiku lomwelo.

Njira yachinayi: digiri ya ku Britain muli ku Lilongwe, Chipata kapena Tete

Si njira yachilendo. University of London inayamba kupereka madigiri kwa ophunzira a kutali mu 1858, ndipo lero mayunivesite ambiri ali ndi masters za pa intaneti.

*Mtengo.* Palibe viza, IHS, satifiketi ya TB, tikiti ya ndege kapena lendi ya mapaundi. Makosi ambiri amalola kulipira module imodzi imodzi, ndiye kwacha ikagwa mukhoza kuima kaye osataya zomwe munakhoza kale. Pamwamba pake onjezani mabandulo a intaneti, laputopu yodalirika ndi sola kapena batire. Commonwealth Distance Learning Scholarships imalipira fizi ya masters za mtunduwu kwa anthu a m'maiko monga Malawi ndi Zambia.

*Kupezeka.* Makosi a zaumoyo wa anthu, maphunziro, malamulo, zachuma ndi kayendetsedwe ka ntchito alipo ambiri. Ofuna labu kapena odwala enieni ndi osowa. Vuto lalikulu ku Malawi ndi kupeza ndalama zakunja kubanki pa nthawi yake, choncho yambani kupempha nthawi yolipira isanakwane.

*Kuisunga.* Palibe wolondola maola anu, koma pali malire a zaka zomwe muyenera kumaliza, ndipo zalembedwa m'malamulo a kosi. Open University imanena kuti ma credit 60 pa chaka amafuna maola 16 mpaka 18 pa sabata. Kwa munthu wa ntchito ndi ana, awo ndi madzulo onse ndi Loweruka. Kalasi ya 6 koloko madzulo ku London imakupezani 8 koloko usiku ku Blantyre m'miyezi ya dzinja lawo ndi 7 koloko m'chilimwe chawo, nthawi yomwe magetsi amakonda kuthima.

*Ngozi.* M'mabuku a maofesi ambiri simuli wa full-time, ngakhale mutatenga ma credit 120 pa chaka. Open University yeniyeniyo imawerenga ophunzira ake ngati a part-time pa nkhani ya ngongole za boma ku England. Izi zimapweteka pomwe pepala lina likufuna umboni wa full-time, monga inshuwalansi ya chipatala ya kuntchito kwa makolo yomwe imasunga mwana wamkulu pokhapokha ali pa sukulu ya full-time, kapena malamulo a tchuthi cha maphunziro kuntchito kwanu. Viza ya Graduate simuipeza, chifukwa imafuna kuti munaphunzira muli ku Britain pa viza ya Student. Ndipo pa intaneti pali masukulu ambiri okhala ndi adiresi ya London omwe alibe mphamvu yopereka digiri. Onani dzina la sukuluyo pa mndandanda wa boma la Britain, ndipo funsani ku NCHE, bungwe loona za maphunziro apamwamba ku Malawi, kapena bungwe lofanana nalo m'dziko lanu, ngati pepalalo adzalivomereze, musanatumize paundi yoyamba.

Njira iti kwa ndani

Ngati mwapeza sikolashipu yolipira zonse, kapena fizi yonse ndi ndalama zodyera zili kale m'manja mwa mapaundi kapena madola, tengani full-time pa viza ya Student. Sabata yoyamba pemphani kalata ya Council Tax ndi kalendala ya matemu a kosi yanu yolembedwa, ndipo musanasaine za chipinda funsani zomwe zimachitika viza ikakanidwa kapena mukasiya sukulu pakati.

Ngati muli ndi theka la fizi ndipo theka linalo mukuyembekeza kudzalipeza ndi maganyu, njira yoyamba si yanu chaka chino. Yambani ya pa intaneti module imodzi imodzi, kapena dikirani mpikisano wa sikolashipu wotsatira.

Ngati cholinga chenicheni ndi kukagwira ntchito ku Britain mukamaliza, njira yachinayi sikufikitsani kumeneko, ndipo yachiwiri ikudyerani ndalama zaka ziwiri popanda malipiro. Yatsala yoyamba, ndipo kumbukirani kuti kuyambira July 2023 simungasinthire ku viza ya ntchito kosi isanathe.

Part-time pa viza ya Student isiyireni amene bwana wawo kwawo akuwalipirira zonse ndipo akufunika kumapita ku Britain pafupipafupi kukakumana ndi supervisor.

Ngati muli pa viza ya ntchito, sankhani part-time kapena ya pa intaneti, mashifiti anu asatsike, ndipo ngati ILR yayandikira werengani kusiyana kwa fizi musanalembetse. Ngati munatsatira amuna kapena akazi anu ndipo ntchito yawo ndi yokhazikika, full-time ikhoza kukuyenererani, bola fizi ya wochokera kunja muikwanitse. Ngati munakhazikika kale ndipo muli ndi ana, funsani ku Citizens Advice, bungwe lopereka malangizo aulere, kapena ku ofesi yolangiza ophunzira pa yunivesite kuti akuwerengereni Universal Credit ndi Council Tax pa njira zonse ziwiri.

Ngati muli ndi ntchito yabwino kwathu, banja, ndipo digiriyo mukuifunira kukwezedwa pa ntchito yomweyo, khalani pomwe mulipo muphunzire pa intaneti. Tengani malamulo a tchuthi cha maphunziro ku ofesi ya HR, muone ngati amalipirira kapena kupereka masiku a mayeso kwa a part-time, ndi zaka zingati zomwe adzakumangeni mukamaliza.